Mlendo Agone Pafupi ndi Msewu

Amayi anzanga, nkhani imene ndikufuna tikambirane sabata ino ndi ya pogona. Ambiri a ife tikamakonza ulendo wa mumzinda timawerengera ndalama ya basi, kamba wa panjira ndi mphatso ya abale, koma za malo amene tikagoneko sitiziganizira kwenikweni, pakuti timangoti kumeneko kuli achibale. Inenso ndinali wa maganizo omwewo kufikira mwezi wa Juni chaka cha 2019, pamene ndinaperekeza mayi anga ku Blantyre kukaonetsa maso awo amene anachita ng'ala.

Tinachoka kwathu ku Ntcheu m'mamawa, titanyamula kathumba ka kachewere, ndipo basi inadzera msewu wa Zalewa nikatitsitsa pa depoti ya Wenela dzuwa litapendeka. Msuweni wanga amene amakhala ku Bangwe anali atatiuza kale kuti tikafikire kwake, ndipo ife tinavomera mokondwa, popeza kugona kwa mbale kulibe malipiro. Chimene sindinachidziwe ndi chakuti Blantyre ndi mzinda wa mitu iwiri. Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana kufikira chaka cha 1956 pamene anawaphatikiza, ndipo pakati pawo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chili pa msewu wolumikiza mbali ziwirizi, chakufupi ndi Blantyre, pamene Bangwe ali kuseri kwa Limbe. Kotero kuti tifike kuchipatala tinayenera kuyenda pansi kuchokera kunyumba kukafika pa siteji, kukwera minibasi ya ku Limbe, kutsika, kuoloka pakati pa chinamtindi cha anthu, ndi kukweranso ina ya ku Blantyre.

Kwa munthu wa maso ake ulendo wotere si kanthu. Koma ganizirani gogo wa zaka zoposa 70, woona mbuu ngati muutsi, akuponda miyala yoterera m'mawa wa chiperoni, atagwira nsonga ya chitenje changa ngati kamwana. Tsiku loyamba tinafika mzere utatalika kale, ndipo tinaonana ndi adokotala masana. Iwo anapeza kuti magazi a mayi akuthamanga kwambiri, natipatsa mankhwala, natilangiza kuti tizibwera m'mawa uliwonse kudzayezetsa kufikira magaziwo atatsika, pakuti diso silingachitidwe opaleshoni munthu ali chomwecho. Tsiku lachiwiri, pamene tinali kusintha minibasi ku Limbe, mayi anaphonya chopondera nagwa chagada m'matope. Sanavulale kwambiri, koma usiku umenewo anandiitana nati, "Mwana wanga, ndibweze kumudzi. Maso ndaonera zambiri, akwana. Sindifuna kudzafera pansi pa galimoto kwa eni."

Mawu amenewa anandisowetsa tulo. Ndinatenga pensulo ndi kuyamba kuwerengera. Tsiku lililonse tinali kukwera maminibasi anayi, awiri popita ndi awiri pobwera, ndipo popeza tinali anthu awiri, ndinali kulipira kasanu ndi katatu. Kuonjezera apo tinali kugula chakudya cha masana panjira chifukwa kubwerera kunyumba kunali kutali. Nditaphatikiza zonse ndinaona kuti pogona paulere paja panali kudya ndalama yosasiyana kwenikweni ndi mtengo wa kachipinda ka alendo, ndiponso panali kudya mphamvu za mayi ndi mtima wawo, zimene sizigulidwa pamsika.

Vuto linatsala linali la chibale. Ndani mwa ife sadziwa kuti kuchoka m'nyumba ya mbale ndi kukagona kolipira kumaoneka ngati chipongwe? Nditamuuza msuweni wanga, nkhope yake inagwa, ndipo anafunsa kuti, "Kodi asuweni, takulakwirani chiyani? Kapena nsima yathu njosapsa?" Ndinamufotokozera za kugwa kwa mayi, ndinamuonetsanso kapepala ka masamu anga. Amuna ake, amene amayenda msewu womwewo tsiku ndi tsiku popita ku ntchito, ndiwo anandithandiza. Iwo anati, "Alamu akunena zoona. Gogo sangapirire ulendo umene ukutitopetsa ife anyamata." Anawonjeza kuti tifune malo kufupi ndi Wenela, kumene minibasi imodzi yokha ikatifikitsa pachipatala, ndiponso kumene basi ya kwathu imanyamukira.

M'mawa mwake tinapita, ndipo safunsa anadya phula, choncho ndinayamba ndafunsa amayi ogulitsa nthochi pafupi ndi depoti. Iwo anandichenjeza kuti ndisatenge chipinda choyang'anana ndi depoti penipeni kapena chogundizana ndi malo omwera mowa, chifukwa phokoso silitha usiku wonse ndipo akuba amakonda pamene pali alendo otopa. Anandilozera nyumba ina ya alendo imene inali kamtunda pang'ono kuchokera pamsewu waukulu. Ndinapempha kuona chipinda ndisanapereke ndalama. Ndinayesa loko wa chitseko, ndinatsegula mpopi kuti ndione ngati madzi akutuluka, ndinayang'ana neti ya udzudzu ngati ilibe zibowo, ndipo ndinasankha chipinda chapansi choyandikana ndi chimbudzi kuti mayi asavutike usiku. Nditalipira ndinapempha lisiti.

Usiku woyamba m'chipinda chimenecho mayi anandifunsa dzina la malo amene tinali. Nditawauza kuti ndi pa Wenela, anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kundisimbira za malemu bambo anga. Dzina limeneli ndi la bungwe limene linkalemba amuna ntchito ya m'migodi ya golide ku Joni, ndipo bambo anali mmodzi mwa amene anapita. Mayi anakumbukira chaka cha 1974, pamene ndege yobweza anthu a kuno kuchokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha amuna oposa 70, boma nkuimitsa ulendo wa Wenela. Anati masiku amenewo akazi a m'mudzi mwathu sankagona, aliyense kudikira kumva ngati dzina la mwamuna wake litchulidwe. Bambo anabwera amoyo, atanyamula bulangete ndi wailesi. "Tsono ngati iwo anadutsa pano nkubwerera kwawo," anatero mayi, "inenso ndibwerera ndikuona." Kuyambira usiku umenewo sanatchulenso zobwerera kumudzi.

Masiku otsatirawo tinkadzuka 5 koloko, kumwa tiyi mosathamanga, ndi kufika pachipatala mzere usanatalike. Masana tinkabwerera kuchipinda kuti mayi apumule. Patapita masiku anayi magazi anatsika, anawagoneka, ndipo diso lamanja analichita opaleshoni. Tsiku limene anamwino anamasula bandeji, mayi anandiyang'anitsitsa nati, "Iwe, imvi zimenezi unayamba liti?" Tonse tinaseka mpaka misozi.

Tsono amayi anzanga, phunziro limene ndinatolapo ndi ili. Musanasankhe pogona mumzinda, yambani mwadzifunsa kumene kuli ntchito imene mwadzera, ndi kumene galimoto ya kwanu imafikira. Wochokera ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Zomba amayamba kufika ku Limbe, ndipo ngati wadzera kuoda katundu m'masitolo a kumeneko, palibe chifukwa chokagonera ku Blantyre ndi kumavutika ndi mitolo m'minibasi. Wochokera m'chigawo chapakati kudzera ku Zalewa amayamba kufika mbali ya Blantyre. Ku Lilongwe, kumene kuli likulu la dziko chiyambire 1975, nkhani ndi yomweyo: depoti ndi msika waukulu zili ku tauni yakale, pamene maofesi a boma ali ku Capital Hill, kutali ndithu, kotero wodzera za ku ofesi awerengere ulendo umenewo m'mawa uliwonse. Werengani maminibasi amene mudzakwere patsiku, muchulukitse ndi anthu amene muli nawo ndi masiku amene mudzakhale, ndipo mukatero mudzadziwa mtengo weniweni wa pogona panu. Fikani kukadali kowala kuti muone malo ndi maso anu, ndipo ndalama zanu muzimange m'chiuno.

Sindikunena kuti tileke kufikira kwa abale, ayi. Mbale akakhala pafupi ndi kumene mwadzera, fikirani pomwepo ndipo muthokoze. Koma akakhala kutali, mufotokozereni mwaulemu, pakuti chibale ndi fupa, sichiola chifukwa cha kugona kwina masiku ochepa. Ife Lamulungu lomaliza tisanabwerere ku Ntcheu tinakwera maminibasi awiri aja kupita ku Bangwe kukatsanzika. Mayi anatsika okha pa siteji osagwira chitenje changa, ndipo atalowa m'nyumba anayamba kutchula ana a msuweni wanga mmodzimmodzi, kunena amene wafanana ndi agogo ake aamuna ndi amene watengera kuchikazi. Msuweni anapha nkhuku, tinadyera pamodzi ndi kachewere wa kwathu uja, ndipo m'mawa mwake basi ya ku Ntcheu tinaikwera titangoyenda mapazi owerengeka kuchokera pakhomo la chipinda chathu.