Mzere Umatambasuka, Nkhope Ayi

Ntchito yolemba zikwangwani ndidayiyamba ndi burashi ndi utoto pa Nchalo, m'masiku amene mwini golosale aliyense ankafuna kuti dzina lake liziwerengeka kuchokera mumsewu wopita ku Ngabu ndi ku Bangula. Lero burashi idapuma, ndikudyera kompyuta. Tsiku ndi tsiku ndimasamutsa zojambula pakati pa mapulogalamu awiri, CorelDRAW ndi Photoshop, ndipo ntchito imeneyi ndiyo yandiphunzitsa zimene makina angabweze ndi zimene sangabweze.

Mapulogalamuwa ndi a msinkhu umodzi. CorelDRAW idatuluka ku Canada mu 1989, Photoshop ku America mu 1990, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana. CorelDRAW imasunga chojambula ngati malangizo: mzere uyambire apa, ukhotere apo, m'kati mwake mukhale mobiriwira. Mizere yokhotayo imadziwika ndi dzina la Pierre Bézier, katswiri wa ku France yemwe ankayigwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a galimoto za Renault m'zaka za m'ma 1960. Chojambula chotere, chomwe timachitcha vekita, ungachikulitse kuchoka pa chidindo mpaka kudzaza khoma, osaphwanyika. Photoshop imawerenga timadontho. Chithunzi chili ngati mapira a m'lichero: ukawayanika pamkeka waukulu sachuluka, amangotalikirana.

Choncho pochotsa chojambula mu CorelDRAW kupita nacho mu Photoshop pamafunika kudekha, chifukwa chikangolowa, mizere yasanduka timadontho. Kuti chisindikizike bwino papepala timafuna timadontho 300 pa inchi, ndiye kuti pepala la A4 limadya timadontho 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali. Ukachisunga ngati JPEG chimabwera ndi bokosi loyera kumbuyo, komanso chimataya kenakake nthawi iliyonse ukachisunganso. PNG imasiya kumbuyo kopanda kanthu. Zilembo nazo zili ndi lamulo lake. Ntchito zikuluzikulu timakwera nazo phiri pa Thabwa kukasindikizira ku Blantyre, ndipo ngati kompyuta ya kumeneko ilibe mtundu wa zilembo zimene wagwiritsa ntchito, ŵ ya m'dzina loti Malaŵi imatha kusanduka kabokosi. Mankhwala ake n'kusandutsiratu zilembo kukhala mizere. Koma ukatero sungakonzenso mawu, n'chifukwa chake ndimasunga mafayilo awiri pa ntchito iliyonse.

Ulendo wobwerera, wochoka ku timadontho kupita ku mizere, ndiwo uli ndi nkhani. Aphunzitsi amabwera ndi baji ya sukulu yomwe yatsala pa yunifolomu yokha, atsogoleri a mpingo ndi chidindo chofufutika. Izi sizivuta. Ndimazijambula, ndikuzilondola mzere ndi mzere mpaka chizindikiro chija chitabadwanso, poti bwalo ndi bwalo, mtanda ndi mtanda.

Koma kuno kuchigwa cha Shire madzi satenga zidindo zokha. Adasefukira mu Januwale 2015, adabweranso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Anthu amawerenga nyumba, ng'ombe ndi minda zimene zidapita, koma palibe amawerenga zithunzi zomwe zinali m'masutikesi ndi m'mafoni.

Patatha chaka chichitikireni Freddy, kudabwera mayi wina wa ku Makhanga, ku Nsanje, amene ankakonzekera mwambo wa chiliza cha amuna awo. Ankafuna nkhope ya malemu pa masikipa ndi pansalu yayikulu. Chithunzi chokhacho chimene chidatsala chinali m'foni ya mphwawo: cha paukwati wa munthu wina, malemuwo ataima kumapeto kwa mzere. Chidadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp, yomwe imafinya zithunzi kuti ziyende msanga. Nditadula mutu wokha, padatsala timadontho tosakwana n'chidindo chomwe.

"Mwana wanga, suja mumakulitsa zilembo mpaka kudzaza khoma? Akulitseni nawonso bambo akewa," adatero.

"Mayi, chilembo ndimachidziwa mmene chimakhalira, ndiye ndikhoza kuchilembanso. Koma bambowa sindidawaonepo. Pomwe chithunzi chathera, ndiyamba kuikapo zanga."

Njira zinalipo. Ndikadatha kulondola nkhopeyo ndi mizere, n'kutuluka munthu wosalala ngati chidole. Ndikadathanso kuyipereka ku mapulogalamu a masiku ano a AI, amene amadzaza mipata poyerekeza ndi nkhope za anthu ena ambirimbiri zomwe adaphunzirapo. Chimatuluka chimakhala chowala, cha maso akuthwa ndi mano oyera, koma maso ndi manowo ndi obwereka. Adzukulu amene sadawaone agogo awo akadakula akuloza mlendo pakhoma.

Tidagwirizana kuti chithunzicho chikhale chaching'ono, pamlingo umene timadontho take tikadali togwirana, pakati pa nsalu. Dzina, mfunda ndi zaka za malemu ndidazilemba m'mizere, zazikulu zowerengeka munthu ali patali. Mayiwo adayang'anitsitsa kachithunziko nthawi yayitali, kenaka adati, "Ndi iwowa."

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo timadontho nato n'chimodzimodzi. Inu amene mukadali ndi zithunzi za makolo anu, zijambuleninso pamalo owala bwino. Potumiza pa WhatsApp, zitumizeni ngati dokyumenti kuti zisafinyike, ndipo zina zikakhale kwa mbale wa kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre, kumene Shire safikako. Eni sukulu, mipingo ndi magulu a alimi, mukalipira wojambula muzitenganso fayilo ya vekita, ya CDR, SVG kapena PDF, osati chithunzi chake chokha. Chizindikiro chikatayika tidzakulemberani china chofanana nacho, koma nkhope ya munthu ilibe wolemba wachiwiri.