Chingwe Sichimvera Mphamvu Zokha

Pa masiku a zikondwerero, kaya kusukulu kaya pa bwalo la mudzi, kukokana chingwe timakuika kumapeto. Mpira ukatha, othamanga atalandira kale mphoto zao, ndi pamene timayamba kufunafuna chingwe, nkuitana abambo onenepa kuti adzatiseketse. Wina akagwa chagada, tonse timafa nalo phwete, kenaka nkubalalika. Potero timaonetsa kuti kukokana chingwe sitikuŵerengera ngati maseŵera enieni. Kodi, aŵerengi okondedwa, tikuganiza bwino pamenepa?

Kwina anzathu sachita nako nthabwala. Kuyambira 1900 mpaka 1920 kukokana chingwe kudali m'gulu la maseŵera a Olimpiki, ndipo mu 1908 amene adatenga mendulo ya golide adali apolisi a mumzinda wa London. Maseŵeraŵa atachotsedwa ku Olimpiki sadafe ayi. Mu 1960 padakhazikitsidwa bungwe la Tug of War International Federation loyang'anira malamulo ake, ndipo mu 2018 mpikisano wa dziko lonse udachitikira ku Cape Town, kumene abale athu ambiri amapita kukafuna ntchito. Amai naonso ali ndi matimu ao.

Malamulo ake ndi ofunika kuwalingalira. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 8. Asanagwire chingwe, onse amakwera pa sikelo, ndipo kulemera kwao pamodzi sikuyenera kupitirira malire a gulu lao, monga makilogalamu 640. Opambana ndi amene akoka anzao mtunda wa mamita 4. Kukhala pansi nkoletsedwa, kupanikiza chingwe pa ntchafu nkoletsedwanso, ndipo timu ikachenjezedwa katatu, yagonja. Munthu wakumapeto yekha ndiye amaloledwa kudzikulunga chingwe m'thupi, pakuti iyeyo ali ngati nangula wa anzake.

Tsono ngati sikelo yalinganiza mbali zonse ziŵiri, chimene chimapambanitsa nchiyani? Si thupi lalikulu. Ndi zidendene 16 zoponda nthaŵi imodzi, misana yopendekera kumbuyo mofanana, ndi makutu omvera liu limodzi la mphunzitsi. Akatswiri satha mphamvu zao poyamba. Amagwira chingwe nji, osasuntha, kudikira kuti manja a anzao ayambe kunjenjemera. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mnyamata wamphamvu wokoka pa yekha, mosamvera anzake, ndiye amagwetsa timu yake.

Ife a kunyanja nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Pitani pa dooko ku Malembo, ku Makawa kapena ku Malindi pamene akukoka khoka. Zingwe zimakhala ziŵiri, mizere ya anthu iŵirinso. Aliyense amayenda chafutambuyo, chidendene chikumira mu mchenga, ndipo wofika kumtunda amasiya chingwe nathamangira kumadzi kukagwiranso. Nyimbo ndiyo imalinganiza mapazi. Mzere umodzi ukafulumira kuposa unzake, khoka limapotoka, nsomba nkuthaŵa, ndipo tsiku limenelo mabanja ambiri amadya nsima yopanda ndiwo. Zimene ena amaphunzira kwa mphunzitsi wolipidwa, ana athu adaziphunzira kwa atate ao mbandakucha.

Koma sukulu ya pa mchengayi ikuchepa mphamvu. Chambo chidayamba kusoŵa, makamaka m'nyanja ya Malombe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 1993 makomiti a m'madooko adayamba kuthandizana ndi boma poteteza nsomba. Chaka ndi chaka nyanja imatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti nsomba ziswane. Lamulolo ndi labwino, ndipo tiyenera kulisunga. Komabe tifunse: manja ozoloŵera chingwe amachita chiyani pa miyezi imeneyo? Makolo amadziŵa bwino kumene anyamata opanda chochita amakathera tsiku, ndi zimene amabwera nazo kunyumba madzulo.

Nchifukwa chake tikuti tichotse chingwe kumapeto a zikondwerero, tichipatse tsiku lakelake. Maseŵeraŵa safuna nsapato za mtengo wapatali kapena bwalo la udzu wothirira. Chingwe cholimba, malo osalala, sikelo yonga yopimira chimanga, ndi woweruza wosakondera, basi zakwana. Nyanja ikatsekedwa, dooko lipikisane ndi dooko linzake, motsata malamulo enieni, anyamata paokha ndi atsikana paokha. Kuno ku Mangochi, kumene Msilamu ndi Mkhristu amakoka khoka limodzi, timu ya anthu 8 siidzafunsa munthu kumene amapemphera. Idzangofunsa ngati amatha kuponda pamodzi ndi anzake.

Mafumu, aphunzitsi ndi inu makolo, chingwe tili nacho kale, manja aliponso. Chatsala ndi chakuti tileke kuseka luso limene lakhala likutidyetsa.