Nizatuma Mailo

Ndimagulitsa salaula pa foni. Tebulo pa msika ndilibe, shopu ndilibe. Cimene ndili naco ndi kacipinda kumbuyo kwa nyumba ya amai ku Chilenje South, waya wopacikapo zovala, peji ya Facebook ndi gulu la WhatsApp limene pa nthawi ya nkhani ino linali ndi anthu 186. Pa Cisanu paliponse ikakwana 19 hours ndimatsegula okushoni. Ndimaika cithunzi ca covala, saizi yake ndi mtengo woyambila, kenako anthu amapikisana kwa mphindi 10. Amene wachula mtengo waukulu watenga. Amatuma ndalama pa Airtel Money kapena pa MoMo, ine n'kupeleka katundu kwa mnyamata wa njinga yamoto, apo ayi timakumana pa msika wa Chilenje.

Amene anatsegulapo belo amadziwa cifukwa cake timacita okushoni. Liwu lakuti salaula ndi la Cibemba, kutanthauza kufufuza pa mulu n'kusankhapo, ndipo belo ndi mulu ndithu. Mumatuluka zovala zambili za mtengo wamba, zina zothimbilila zoti ungozigulitsa K20 kuti zicoke, ndi zinai kapena zisanu zokongola kwambili. Zisanu zimenezo ndizo zimabweza ndalama ya belo. Ukaziikila mtengo wekha umadzidyela masuku pamutu, cifukwa sudziwa kuti munthu amene wacikonda angafike pati. Ukasiya anthu alimbilane, mtengo weniweni umaoneka.

Mu June 2024 ndinalandila cilimba, n'kuonjezela tumene ndinasunga, ndipo ndinagula belo ya majekete K5,200 ku town. Kunali kuzizila, ndiponso cinali caka cija madzi anacepa ku Kariba, malaiti n'kumapita maola ambilimbili. Zithunzi ndinali kujambula masana pa khonde, foni n'kumachajila kwa aneba amene ali ndi sola. M'belo imeneyo munatuluka jekete yacikopa yabulauni, yofewa, zipi yake yolimba, yosang'ambika paliponse. Nditaigwila ndinadziwa kuti cilimba ca mwezi umenewo ndalipila kale.

Ndinayambila pa K150. Anthu asanu analowa, atatu n'kugwa msanga. Panatsala awili: kasitoma wanga wakale wa ku Kabwata, amene sanandivutepo, ndi mzimai wina watsopano amene analowa m'gulu mlungu womwewo. K300, K350, K400. Wa ku Kabwata anaima pa K430. Watsopano analemba K450, mphindi zinatha, ndipo ndinalemba kuti yatengedwa.

Usiku womwewo ananditumila uthenga: “Ba sisi, nisungileni. Nizatuma mailo.”

Pa Ciwelu anati netiweki ivuta. Pa Sondo anati ali ku chalichi. Pa Mande anati pa buthi alibe float. Pa Ciwili mauthenga anga anali kuwelengedwa, tumizele tuwili twa buluu n'kuoneka, yankho osabwela. Ndinaimbila wa ku Kabwata kuti atenge pa K430 yake ija. Anandiyankha mwaulemu kuti anagula kale ina ku City Market pa Sondo, cifukwa mphepo siyembekeza munthu.

Anthu amene sagulitsa amaganiza kuti wogula akathawa palibe cimene wataya, poti katundu ukali naye. Ine ndinataya K430 imene inali m'manja mwa munthu wokonzeka kulipila. Mzimai uja anakweza mtengo ndi ndalama imene analibe, n'kuthamangitsa amene anali nayo. Ndinatayanso masiku anai a nyengo yozizila, imene ku Lusaka ndi yaifupi. Ndipo pa Citatu ndinafunika kuponya K500 ya cilimba. Ndinakongola kwa amai, ine munthu amene ndinali nditalengeza pa nyumba kuti manje ndaima pandekha.

Apa ndiye pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinene mosabisa cifukwa nkhani ngati izi timakonda kuzifotokoza ngati kuti ndife angelo. Usiku wa pa Citatu, mumdima, mtima ukuwila, ndinatenga cithunzi ca pa WhatsApp yake n'kuciika pa status. Pansi ndinalemba kuti: “Ogulitsa anzanga cenjelani na uyu. Abida koma salipila.” Ndinamva bwino kwa mphindi mwina 30. Lusaka ndi yaikulu pa mapu cabe. Ola lisanathe wina anali atamutumila kale screenshot.

M'mawa pa Cinai msuweni wanga anandidzutsa ndi foni. M'gulu lina lalikulu la azimai pa Facebook munali positi yokhala ndi dzina la peji yanga ndi nambala yanga. Inati ndine kawalala, ndimadya ndalama za anthu osatuma katundu, ndipo ndikatuma zimakhala nsanza. Munthu amene sanandipatsepo ngakhale ngwee imodzi anali kuuza mzinda wonse kuti ndinamubela. Pansi pake panali anthu amene sanandionepo: “Zikomo potiuza.” “Aba ba online bonse ni cimodzimodzi.” Wina anati nayenso ndinamucita zomwezo caka catha, pamene caka catha ndinali ndisanayambe n'komwe.

Pofika madzulo anthu 23 anali atatuluka m'gulu langa. Pa Cisanu ndinatsegula okushoni monga mwa masiku onse. Pa zovala 30 ndinagulitsa zinai. Kasitoma wina amene tinazolowelana anandilembela kumbali kuti asadandaule ine, koma ulendo uno alipila akaona katundu ndi maso. Uthenga umenewo unandiwawa kuposa matukwano onse a m'gulu lija.

Zida zobwezela ndinali nazo. Ma screenshot onse a “mailo” ndinasunga. Ndinalinso ndi voice note imene anandiuzamo za mavuto a m'nyumba mwake, zoti amuna ake sanalandile malipilo miyezi iwili, zinthu zimene munthu amanena pofuna kuti umumvele cifundo. Msuweni wanga anati tiike zonse, iye aitana anzake akalowe m'makomenti. Ndinalemba positi yaitali, yakuthwa, n'kuiwelenga katatu. Cinandiletsa kuituma ndi batile. Foni inazima, malaiti kulibe.

Amai amagulitsa nyemba, kapenta ndi nshawa pa msika wa Chilenje kuyambila ndili ku pulaimale. Usiku umenewo tinakhala pa mbaula, ine n'kuwafotokozela zonse, kuyembekeza kuti andiikila kumbuyo. Anamvetsela mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

“Nanga nkhope yake, anakuuza ndani kuti uike pa foni?”

“Koma amai, ndiye anayamba. Sanalipile.”

“Sanalipile, inde. Iwe uganiza ine onse amanilipila?”

Analowa m'nyumba n'kubwela ndi buku lawo la nkhongole, lija la cikuto cofiila limene ndinali kuliona kuyambila kale osalitsegula. Munali maina ambili, ena odulidwa ndi mzele. Anati wodulidwa mzele akabwelanso amamupatsa moni bwinobwino, kumufunsa za ana, n'kumuuza kuti lelo ni cash. Sanaimepo pakati pa msika kukuwa dzina la munthu. Ndinafunsa ngati ndi cifundo. Anaseka.

“Mwana wanga, ukakuwila mmodzi, amene akumva ni makasitoma ako. Aliyense aganiza kuti tsiku nizacedwa kulipila, nkhope yanga nayo izakhala pa foni. Athawa amene sanakulakwile.”

Ndinaganiza za anthu 23 aja. Ndinali nditatsimikiza kuti anatuluka cifukwa ca bodza la mzimai uja. M'mawa foni itayaka ndinayang'ana nthawi imene aliyense anatulukila. Asanu ndi awili anatuluka usiku wa pa Citatu, positi yake isanalembedwe. Amenewo anathawa status yanga.

Patapita nthawi ndinawelenga za eBay, msika wa okushoni wa pa intaneti umene unayamba ku America mu 1995. Kumeneko wogula ndi wogulitsa anali kulembelana ndemanga akamaliza malonda, ndipo ndemangazo ndizo zinali mbili ya munthu. Vuto linali lakuti wogula akalemba zoipa, wogulitsa anali kubwezela zoipa, mpaka ogula anayamba kuopa kunena zoona. Mu 2008 kampaniyo inaletsa ogulitsa kulembela ogula ndemanga zoipa. Nkhani ya osalipila anaipatsa njila yakeyake: masiku akapita wogulitsa amathetsa malondawo, colakwaco cimalembedwa pa akaunti ya wogulayo, ndipo ogulitsa angatseke khomo kwa amene ali ndi zolakwa zotelo mobwelezabweleza. Nditawelenga ndinaseka ndekha, cifukwa ndi buku lofiila la amai lomwe lija. Kusiyana kwake n'kwakuti ife a pa WhatsApp tilibe woweluza pakati. Buku uyenela kusunga wekha, ndipo mkwiyo uyenela kuugwila wekha.

Mnzanga wina amene amaphunzila za malamulo anandikumbutsanso za Cyber Security and Cyber Crimes Act ya 2021, imene inali kugwila nchito nthawi imeneyo ndipo inali ndi mlandu wozunza munthu kudzela pa foni kapena pa intaneti. Ine ndinali kuganiza zokamuneneza mzimai uja. Mnzangayo anangondifunsa kuti, akakufunsa amene anayamba kufalitsa cithunzi ca mnzake, uyankha kuti ciani?

Positi yaitali ija ndinaifafaniza. Pansi pa positi yake ndinayankha kamodzi kokha. Ndinalemba kuti anapambana jekete pa K450 pa Cisanu, sanalipile, ndipo palibe ndalama yake imene ndinalandila. Ndinavomela kuti ndinalakwa kuika cithunzi cake pa status ndipo ndinapepesa. Ndinamaliza ndi kupempha kuti aliyense amene ananditumilapo ndalama osalandila katundu aike uthenga wa transaction pomwepo, ndimubwezela tsiku lomwelo. Za m'nyumba mwake sindinachule. Kupepesa kuja kunandiwawa pakhosi ngati ndameza fupa la nsomba, cifukwa iye sanapepese, mpaka lelo.

Palibe amene anaika transaction. M'malo mwake makasitoma anga anai, wa ku Kabwata ali patsogolo, anaika zithunzi atavala zimene anagula kwa ine. Sindinawapemphe. Patapita masiku anai oyang'anila gulu lija anacotsa positi yonse. Koma screenshot siifa. Mu September munthu wina anandifunsabe ngati ndine uja ananenedwa.

Lelo pamwamba pa gulu langa pali malamulo, ndipo aliyense wolowa amawaona asanaone covala ciliconse. Watsopano amayamba waika K50 asanapikisane nawo. Akapanda kupambana ndimamubwezela usiku womwewo, akapambana imalowa pa mtengo. Wopambana ali ndi nthawi mpaka 19 hours pa Ciwelu. Amene wabwela waciwili ndimamuuza nthawi yomweyo kuti asagule kwina mpaka ola limenelo, cifukwa covala cingakhale cake. Wolephela kamodzi ndimamulemba m'buku, waciwili ndimamucotsa m'gulu popanda cilengezo. Covala ciliconse ndimacijambula vidiyo, kuonetsa ngakhale kabowo kakang'ono, kuti nkhani ya nsanza isadzabukenso.

Ena amakana K50 ija. Amati, tidziwa bwanji kuti simuzathawa nayo? Sindiwakwiyila, cifukwa ogulitsa abodza aliko zoona, ndipo ambili a inu munatumapo ndalama kwa munthu amene anazima foni. Mantha ali mbali zonse ziwili. Otelo ndimawauza kuti abwele pa tebulo ya amai ku msika, aone covala, alipile pamanja. Tebulo imene yakhala pamalo amodzi zaka zonsezi imandipatsa dzina limene peji yanga payokha singandipatse.

Jekete ija inakhala pa waya mpaka mu August. Mphepo itatha ndinaigulitsa K220 kwa mnyamata wina woyendetsa njinga yamoto, amene anati usiku pa mseu kumazizila caka conse. Nkhongole ya amai ndinabweza pang'onopang'ono, ndipo anandidula mzele m'buku mwawo ndikuona, akuseka.

Mzimai uja ndinamuona kamodzi, mwezi wa November, pa siteshoni ya mabasi pafupi ndi msika. Iye sanandidziwe, poti pa peji yanga pamakhala zovala zokhazokha. Ine ndinamudziwa nthawi yomweyo, cifukwa nkhope imeneyo ndinaiyang'ana usiku wonse ndisanaiike pa status. Anali ndi mwana kumbuyo, akuwelenga makobili m'dzanja, akukambilana ndi kondakitala kuti amucotseleko K2. Mau amene ndinakonzekela miyezi isanu anali pakamwa. Basi inadzaza, iye analowa, ine ndinatsala ndi cikwama canga ca zovala kuyembekeza kasitoma wa ku Libala amene anali atalipila kale dzulo lake.