Mabuku Asanu ndi Theka

Chaka chafika kumchira, ndipo pamene ena akuwerenga nkhuku ndi mbuzi za pa Khirisimasi, ife a kuno ku Milepa tati tiwerenge kaye mabuku amene tawerenga. M'Chichewa kuwerenga ndalama ndi kuwerenga buku n'liwu limodzi, choncho tipirireni.

M'mwezi wa Januwale, chimanga chili m'mawondo, tinakhala pakhonde kubisala mvula ndipo tinapangana kuti chaka chino tiwerenge mabuku 12, mwezi uliwonse buku limodzi. Amene anayambitsa nkhaniyi ndi mnzathu wina wa msungwana, yemwe anatifunsa funso lochititsa manyazi: kodi chilembereni mayeso a Fomu 4, ndani mwa ife anatsegulako buku popanda womukakamiza? Tonse tinayang'ana pansi. Kusukulu buku tinkalimeza ngati mankhwala owawa, ndipo mayeso atatha tinalisiya kuti amayi azikulungira zitumbuwa. Tsiku limenelo tinalemba mayina athu m'kope ndi kusainira ngati anthu a banki nkhonde. Lero tatsegula kopelo. Mabuku amene tamaliza ndi asanu, lachisanu ndi chimodzi tili pakati. Zifukwa zilipo: kupalira, maliro, kuthyola nandolo, masiku a msika, ndiponso foni, imene imadya madzulo a munthu mwakachetechete monga chiswe chidyera nsanamira. Koma sitinabwere kudzapepesa.

Mabuku tinkachita kupempha. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anatitsegulira thiranki yake yachitsulo, ndipo loyamba kutuluka linali Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Popeza buku linali limodzi ife tili khumi, tinagwirizana zoti mmodzi aziwerenga mokweza ena akumvetsera. Apa ndi pamene tinadzionera tokha. Ife amene timadzitama kuti Chichewa n'chathu tinkapunthwa pa mzere uliwonse, kudula mawu pakati, kupuma pamene palibe mpumiro. Agogo a mnzathu wina, amene ankasadzula nkhwani chapafupi, anapirira masiku awiri. Tsiku lachitatu anati, “Ana inu, mukuwerenga ngati mukutafuna mchenga. Munthu akamalira m'nkhanimo, mawu anu azilira.” Agogowo sadziwa kulemba ngakhale dzina lawo.

Titayandikira kumapeto tinapeza kuti masamba otsiriza mulibe. Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti mlendo wina anapichirira fodya kalekale. Tinakhumudwa, pakuti tinali titafika pamene Gwenembe wapha mbale wake chifukwa cha chuma, ndipo mbalame ikumulondola n'kumaimba zimene wachita. Agogo aja anaika lichero pansi natimalizira nkhaniyo pamtima, mpaka pamene mlandu wa mwazi unaululika pamudzi. Anaimva zaka zambiri zapitazo mwana wawo woyamba akuwerenga pa nyali ya koloboyi. Kuyambira tsiku limenelo malo owerengera anakhala pakhomo pawo, ndipo iwo anakhala munthu wa nambala 11 m'kope lathu, atadinda ndi chala.

Nthondo la Samuel Ntara, lomwe linatuluka mu 1933 ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira, linatitengera miyezi iwiri. Chinyanja chake n'chakale, cha ku Nkhoma, ndipo mawu ena tinkachita kufunsa. Chinatidabwitsa n'chakuti mnyamata wovuta wa m'bukumo, wakuba ndi wosamva, amene anachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, tinkamudziwa. Aliyense wa ife ali ndi mchimwene kapena msuweni amene anakwera basi ya ku Joni. Kukula ndi Mwambo, lomwenso ndi la Gwengwe, linabutsa mkangano pakati pa anyamata ndi asungwana pa nkhani ya ulemu, yakuti amene amagwada ndani ndipo amagwadira yani. Mkanganowo sunathe, tinangousiya chifukwa kunada. Chipasupasu, lomwe Benedicto Wokomaatani Malunga anamasulira kuchokera ku buku la Chinua Achebe la mu 1958, tinalithamangira m'masabata atatu. Okonkwo akamayankhula Chichewa amamveka ngati malume a munthu. La William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi atasiya sukulu pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, tinaliwerengera pafoni, ndipo kunena zoona theka la ife linkangodikira kuti foniyo ilire.

Tsopano tifike pa theka lija, pakuti ndi limene latisowetsa tulo. Mu Ogasiti aphunzitsi anatulutsa pansi penipeni pa thiranki buku lonenepa ngati njerwa, Independent African, limene George Shepperson ndi Thomas Price analemba mu 1958. Anatipatsa ndi manja awiri. “Ili musalinyowetse,” anatero, “ndipo musaliwerenge mothamanga. Ndi nkhani ya kwanu kuno.” Bukuli n'la Chingerezi chovuta, choncho mmodzi ankawerenga ndime, wina n'kumasulira kuti agogo amve. Pa tsiku tinkayenda masamba anayi kapena asanu basi.

John Chilembwe tinkayesa kuti timamudziwa. Nkhope yake timaipinda m'thumba pa K500 ndi pa K2000, ndipo pa 15 Januwale timapuma. Kupulayimale tinaloweza kuti anapita ku America mu 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu. Zimenezi tinkayankha pamayeso n'kukhoza. Koma bukuli linatilowetsa m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ndipo kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone ankadziwika ndi nkhanza. Nyumba zopemphereramo zimene anthu a Chilembwe ankamanga m'mindamo zinkatenthedwa. Ambiri mwa ogwira ntchitowo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, amene analibe kwina kolowera. Womasulira atafika pamenepa, agogo anamuimitsa. Anati agogo awo anawoloka malire ndi mtolo pamutu, ndipo liwu lakuti thangata m'nyumba mwawo silinkatchulidwa nthawi ya chakudya. Ambiri mwa ife ndife adzukulu a anthu omwewo, koma palibe anali atafunsapo kwawo.

Mpaka apa tinali mbali imodzi tonse. Kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu imene sakuidziwa, tinaiombera m'manja. Kenaka linafika Loweruka la pa 23 Januwale 1915. Usiku umenewo Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake n'kudulidwa mutu, azungu ena awiri anaphedwanso, ngakhale kuti akazi ndi ana sanapwetekedwe. M'mawa mwake mutuwo unali m'tchalitchi ku Mbombwe. Amene ankawerenga anatsitsa mawu. Ndipo patapita masamba angapo tinakumana ndi dzina limene sitinkaliyembekezera: Nguludi. Pa 26 Januwale gulu la oukirawo linafika pa mishoni ya Katolika ya Nguludi, linavulaza koopsa Bambo Swelsen, ndipo moto unanyeketsa mishoniyo.

Nguludi si dzina la m'buku kwa ife. Ena mwa ife anabadwira kuchipatala cha kumeneko, ena timalota zodzaphunzira pa yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa kumeneko mu 2006. Tsiku limenelo palibe anaseka. Mnyamata wina anati bukulo tilibweze, chifukwa likutisokoneza mitu: munthu sangakhale ngwazi m'thumba mwathu n'kukhalanso mtsogoleri wa anthu amene anatentha nyumba ya mpingo wathu. Msungwana uja anayankha kuti ngati n'choncho tibwezenso Baibulo, pakuti Davide amene timaimba masalimo ake ndi yemwe anaphetsa Uriya. Wina anakumbutsa kuti boma la atsamunda linabwezera mowirikiza: tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe linachiphwasula ndi mabomba, Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale chakufupi ndi malire a ku Mulanje, anthu pafupifupi 40 anaphedwa ataweruzidwa ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Mnyamata uja anati kuchuluka kwa mitembo mbali imodzi sikufufuta bala la wansembe mbali inayo. Ananena zoona, ndipo msungwanayo ananenanso zoona. Tinabalalika osatsanzikana bwino, ndipo masabata awiri pakhomo pa agogo panalibe wowerenga.

Ife tikuganiza kuti masabata awiri amenewo ndiwo anali pakatikati pa chaka chathu. Kuwerenga kwa mayeso kunatizoloweza kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi lobisika kumapeto kwa buku, ndipo munthu wa m'mbiri amakhala woyera kapena wakuda basi. Pano panalibe wochonga. Tinali ndi mbusa amene anamanga masukulu, anaphunzitsa amayi kusoka, anadandaula mwaulemu zaka zambiri osamvedwa, kenaka anatuma anthu ndi mikondo usiku. Tinalinso ndi wansembe wachilendo amene mkangano wa thangata sanauyambe, koma anagona m'mwazi. Onsewa anaponda dothi lomwe timalimali. Kumukonda Chilembwe osabisa za Nguludi n'kovuta kuposa kuloweza chaka chimene anabwerera ku America, ndipo ena mwa ife mpaka lero sanakwanitse.

Amene anatibweza ndi agogo. Anatuma mdzukulu wawo khomo ndi khomo kuti akatiuze kuti iwo anadinda chala m'kope, ndipo sanadindire nkhani yothera panjira. Titasonkhana anatiphikira kalongonda, chakudya chimene chimafuna tsiku lathunthu pamoto ndi kutaya madzi kangapo chisanadyedwe, natiuza kuti makolo awo ankadya chomwecho pobwera kuthangata. Za mkangano wathu sananenepo kanthu. Anangoloza mnyamata amene ankafuna kubweza buku uja nati, “Iwe ndiye uwerenge lero, mawu ako ndi aakulu.” Anawerenga.

Chiyambire Okutobala tayenda pang'onopang'ono, chifukwa kunali kukonza minda ndipo mvula yoyamba inatibalalitsanso. Pena timabwerera m'mbuyo kukawerenganso mitu imene tinaidumpha pothamangira nkhondo, ndiye chifukwa chake tikuti theka. Aphunzitsi atiuza kuti mishoni ya ku Mbombwe inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malikebu, ndipo mpingowo ulipo mpaka lero. Zotionjezera mabuku ena akana mpaka titabweza ili, koma atilola kulisunga kufikira pa 15 Januwale.

Tsiku limenelo tapangana kupita ku PIM, ambiri mwa ife kwa nthawi yoyamba, ndipo pobwerera tidzadzera ku Nguludi. Ndalama za ulendo tikusonkha K500 pa sabata, ndipo msungichuma wathu amaseka poona nkhope imene ili pa ndalamazo. Agogo ati miyendo siwalola, koma tikabwerako tidzawafotokozere zonse mwadongosolo, osatafuna mchenga. Bukulo lili m'jumbo ziwiri pamwamba pa kabati yawo, ndipo pamene tinalekezera paikidwa nthenga ya nkhanga.