Tinathawira kwa amene tinkawaopa

Mfuti ikalira pafupi, m'bale wanga, miyendo imayamba kuthamanga iwe usanaganize. Munali mu 1987, kumudzi kwathu kufupi ndi Mandimba, ku Niassa m'dziko la Mozambique, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta. Anthu a mfuti anabwera mbandakucha. Nkhope zawo sindinazione. Phuu! Phuu! Nkhokwe ili lawilawi. Ndinatsomphola mwana pamphasa. Bambo ake analowera kwina. Mkodzo ukutsika m'miyendo, ine ndili paliwiro.

M'tchire mwana anayamba kulira. Anthu onse maso pa ine. Ndinamutseka pakamwa ndi bere, bere lopanda mkaka. Analuma. Ndinakanikiza. Kenaka zii. Ndinati ndapha mwana wanga. Ndinaika khutu pachifuwa pake. Kamtima kakugunda! Mulungu yekha.

Tinkayenda usiku, aliyense kuponda pomwe waponda mnzake poopa mabomba okwirira. Koma mantha ena anali kutsogolo. Boma la Samora Machel linali litanena poyera kuti Malawi ikuthandiza Renamo, ndiye m'njiramo ena ankanong'ona kuti tikakafika akatibweza kapena kutipereka. Tinadutsa malire chakufupi ndi Chiponde, njira yachidule, ine ndikunjenjemera kuposa m'tchire muja.

Woyamba kutiona anali mayi wachikulire wa mpango kumutu, Msilamu, akuchokera kudimba cha ku Namwera. Ine Mkhristu. Sanafunse za mpingo, sanafunsenso kuti ndine wa mbali iti. Anangoyang'ana mapazi anga otupa, ong'ambika, nati: "Mwanangu, khala apa." Anatereka madzi, kundithowa, n'kumazula minga ndi singano, umodziumodzi. Phala la mgaiwa anandimwetsa okha chifukwa manja anga sankagwira kanthu. Patapita masiku, ndikudya nsima ya usipa pakhomo pawo, mkaka unabwerera. Ndinalira mokweza tsiku limenelo.

Amfumu anatipatsa malo omanga zisakasa, kenaka tinalembetsa n'kumalandira ufa, nandolo, mafuta ndi mchere. Pofika 1992 othawa nkhondo tinapitirira 1 miliyoni m'dziko losauka lino, chaka cha chilala chomwe eni nthaka nawonso ankagona ndi njala. Mtendere atausainira ku Rome mu Okutobala chaka chomwecho, ambiri anabwerera. Ine ndinatsala ku Mangochi. Bambo a mwana sanapezeke.

Mwana uja, lero ndi bambo wa ana, ndiye anandiuza za Ayuda othawa Hitler. Mu 1940 ku Kaunas, ku Lithuania, kazembe wa Japan, Chiune Sugihara, anawalembera pamanja zitupa zodutsira zoposa 2,000, akuluakulu ake asakufuna. Ayudawo anadutsa Siberia pasitima yapamtunda, n'kuwoloka nyanja kukatsikira ku Tsuruga, ku Japan, dziko lomwe boma lake linali paubwenzi ndi amene ankawapha. Akuti anthu a m'tauniyo anawapatsa maapozi, wina n'kuwatsekulira nyumba yosambiramo. Nditamva za kusambako ndinagwira pakamwa. Ndikudziwa mmene mawondo awo ankawombanira potsika sitima yapamadzi, ndikudziwanso mmene madzi otentha amapwetekera pa zilonda asanayambe kukoma.

Amayi aja anamwalira ndikuwatchabe amayi. Pamaliro anandikhazika pamodzi ndi ana awo obereka, ndipo pa sadaka yawo mphika wa mpunga anaupereka kwa ine.