MLENDO WA KU CHIPATA PA LIWIRO LA MU LUSAKA

Wolemba: Mtolankhani Wathu

Pamene ndinauza anzanga a mu ofesi kuno ku Chipata kuti ndalembetsa dzina pa mpikisano wa liwiro lalitali mu Lusaka, limene Azungu alicha marathon, ena anaseka ndipo ena anandifunsa ngati ndatsazika kale mkazi ndi ana. Kudabwa kwao kunali koyenera. Mtunda wace ndi makilomita 42 ndi mamita 195, ndiko kuti pafupi-fupi theka la ulendo wocokera ku Chipata kupita ku Katete. Muyezo umenewu unayambira pa masewera a Olympic ku London mu 1908, ndipo lero uli cimodzi-modzi pa dziko lonse. Inu a kumudzi amene muyenda pansi kupita ku cigayo kapena ku cipatala mudziwa bwino zimene mtunda ucita ku miyendo ya munthu. Tsono ganizani kuutha mtundawo mothamanga, osakhalako pa mthunzi, anthu ali kukupenyani.

Ndinakwera basi pa Cinai m'mamawa, m'mwezi wa September, nyengo imene mitengo ya m'thengo iphuka masamba ofiira mvula isanagwe. Tinapitirira Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, tinapumako pa ulalo wa Luangwa pamene amai agulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndipo madzulo tinalowa mu Lusaka titatha makilomita ngati 570. Kucokera pa siteshoni ya Inter-City ndinafunsa kabasi ka ku Chilenje, pakuti kumeneko kukhala ambuye anga, mng'ono wao wa atate a amai anga, amene anapita ku tauni akali kamnyamata ndipo tsopano apitirira zaka 80.

Chilenje ndi komboni yakale, ku mwera kwa mzinda. Nyumba zace zoyamba ndi zazing'ono ndi zofanana, zomangidwa m'masiku a atsamunda kuti mukhale anthu akuda ogwira nchito m'tauni. Lero eni ace anaonjezako zipinda ndi kumanga mipanda ya njerwa, kotero kuti kanyumba kakale kabisala pakati monga njere m'cipatso. Pa mphambano iriyonse pali kantemba kogulitsa sopo, mazira ndi mafuta ophikira a m'timapepala, ndipo ogulitsa makala akankha njinga zao kuyambira mbandakuca. Cinyanja ca kumeneko n'cosakanizika ndi Cibemba ndi Cingerezi, mwakuti ana a pa nyumba ya ambuye anali kuseka kalankhulidwe kanga, nati ndilankhula monga wowerenga nkhani pa wailesi.

Ambuye atamva cimene ndinadzera anakhala cete kanthawi, kenaka anati: "Iwe mdzukulu, kwanu kwatha minda kodi, kuti udzathere mphamvu pa tala ya eni ace?" Koma pa Cisanu m'mawa ndiwo anandidzutsa, natenga ndodo yao, nati tiyende ndikakuonetse zinthu ziwiri.

Coyamba cinali nyumba nambala 394, imene Dr Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira January 1960 kufikira December 1962, pamene anali kutsogolera nkhondo ya ufulu. Boma liisunga monga cikumbutso ca dziko, ndipo pabwalo pali galimoto ya Land Rover imene inagwira nchito m'masiku amenewo. Cimene cinandigwira mtima ndi kucepa kwa nyumbayo. Munthu ungaime pa khomo ndi kuona pafupi-fupi zonse za m'kati, koma m'menemo ndimo munali kukumana anthu amene anatifikitsa pa 24 October, 1964.

Caciwiri cinali cikwangwani cabe, ku mbali ya Libala, colembedwa Yotam Muleya Road. Ndivomere kuti ine, mtolankhani wathunthu, dzinali ndinali kulidziwa monga dzina la msewu basi. Ambuye anatsamira ndodo nandisimbira nkhani yace. Muleya anali mnyamata wa ku boma la Choma, wophunzira zokonza magalimoto pa sukulu ya Hodgson mu Lusaka, imene lero ndi David Kaunda Technical. Mu December 1958 anapita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kukapikisana ndi Gordon Pirie wa ku Britain, munthu amene zaka ziwiri m'mbuyomo anatenga mendulo ya siliva pa masewera a Olympic ku Melbourne. Poyamba akulu ena a masewera ku Southern Rhodesia anakana kuti munthu wakuda athamange pamodzi ndi Azungu. Atamlola, Muleya anathamanga mamailosi atatu wopanda nsapato, namsiya Pirie kumbuyo ndi mayadi ngati 100. Caka cotsatira anapita kukaphunzira ku America, ndipo mu November 1959 anafa pa ngozi ya galimoto ku Michigan.

"Ife tinali ana," anatero ambuye, "koma m'komboni muno aliyense wotumidwa ku sitolo anali kuthamanga nadzicha Muleya."

Pobwerera ndipo ndinacita colakwa cimene ndifuna acinyamata onse a kumudzi acimve. Nsapato zanga zimene ndinakonzekera nazo miyezi isanu pa phiri la Kanjala zinali zong'ambika ku cala, ndipo ndinacita nazo manyazi pakati pa anthu a m'tauni. Ndinagula zina za salaula m'mbali mwa msewu, zoyera ndi zokongola. Poyesa zinandikwana bwino. Wogulitsa sanandinyenge ai. Wodzinyenga ndinali ine, pakuti nsapato imene phazi silinaizolowere siyenera kuyambira pa makilomita 42.

Tsiku la mpikisano tinasonkhana kukali mdima, aliyense ndi nambala yace pa cifuwa. Panali asilikari, anamwino, ogwira nchito m'mabanki, amai acikulire ndi alendo a maiko ena. Atapereka cizindikiro coyambira, akatswiri a patsogolo anazimirira nthawi yomweyo ndipo sindinawaonenso. Makilomita 15 oyamba anali okoma. Mphepo inali yozizira, mitengo ya jakaranda inali itayamba maluwa ace, ndipo ndinadziuza kuti munthu wozolowera mapiri a ku Chipata sangavutike m'dziko lacidikha monga Lusaka.

Pamenepo ndinalakwanso. Phiri liri ndi ubwino wace: uliona pamwamba pace, udziwa kuti ukafika udzatsika. Msewu wa mu Lusaka ungopita, woongoka, ndipo maso alibe poyezera ulendo. Dzuwa la cilimwe litakwera, tala inayamba kubweza kutentha kumaso. Pa kilomita 25 ndinamva moto ku zala za mwendo wa manja. Pa kilomita 30 matuza anaphulika, ndipo ndinali kumva sokosi iri kumata. Pa malo omwera madzi wina anandiuza kuti kumbuyo kuli kubwera galimoto yotola olephera. Ndinaona m'maganizo nkhope za anzanga a mu ofesi, ndi ana anga amene ndinawalonjeza mendulo, ndi ndalama ya basi imene mkazi wanga anacotsa pa ya feteleza.

Tsono ndinakumbukira Muleya. Ndinakhala pansi, ndinabvula nsapato, ndinazigwira m'manja ndi kuyamba kuthamanga ndi mapazi okha. Kwa mphindi zowerengeka ndinadzimva ngwazi. Koma tala ya mu Lusaka dzuwa litakwera ili monga ciwaya cokazingira nsawawa, ndipo timiyala tace tinali kulowa m'zironda. Sindinathe ndi kilomita imodzi yomwe.

Amene anandipulumutsa ndi amai ena ogulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu. Ataona mayendedwe anga anati: "Atate, khalani apa, mudzadzipha." Anandithira madzi ku mapazi, nang'amba kansalu kakale kamene anali kupukutira m'manja, nandimanga zala cimodzi-cimodzi monga acitira mwana wopweteka ndi khasu. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu, ndipo anati iwonso ndi a ku Petauke, anabwera ku Lusaka ndi ukwati. Ndinafuna kuwapatsa kandalama koma anakana, nati: "Bvalani nsapato muzipita, mungaticititse manyazi a Kum'mawa."

Makilomita 10 otsiriza sindingawasimbe mwa dongosolo. Ndinali kuthamanga kucokera pa mtengo wa magetsi umodzi kufika pa wacitatu, ndi kuyenda kufika pa wacinai. Mkulu wina wa imvi, amene sindinamfunse dzina, anayenda nane osalankhula, ndipo ndikaima anali kundikodola cabe ndi dzanja. Ndinafika pothera patapita maora asanu ndi mphindi 20. Kuti mudziwe kukula kwa kucedwa kwanga, mu 2023 Kelvin Kiptum wa ku Kenya anatha mtunda womwewo ku Chicago pa maora awiri ndi masekondi 35. Koma galimoto yotola olephera sinandipeze, ndipo mendulo anandibveka m'khosi.

Ku Chilenje ana anandicingamira pa cipata ali kukuwa, ndipo amai a pa nyumbapo anatenthetsa madzi a mcere oviikamo mapazi. Ambuye anaitembenuza mendulo kawiri, naiyesa kulemera kwace pa dzanja. Nditawasimbira za kubvula nsapato anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mdzukulu, Muleya anathamanga pa bwalo la masewera, mamailosi atatu okha, ndi mapazi a mwana wa kumudzi. Iwe mapazi ako a mu ofesi unafuna kuwaocha pa tala?"

Nsapato zoyera zija ndinasiyira mdzukulu wao wina amene zinamkwana. Ndinabwerera ku Chipata pa Lolemba nditabvala mapatapata, zakale zong'ambika ziri m'cola. Pa ulalo wa Luangwa anzanga onse anatsika kukaongola miyendo, koma ine nsomba za ana ndinagulira pa zenera.