Mphatso za M'chigafa

Aliyense amene adakhalapo m'zigwa za Kasungu amadziwa kuti chaka cha mlimi wa fodya sichiyenda mofanana ndi chaka cha pakalendala. Ndalama zimalowa m'nyumba misika ya fodya ikatsekulidwa, cha m'mwezi wa Epulo, ndipo zimaonekabe mpaka cha mu Ogasiti. Kuchoka apo zimangotuluka: kunazale kukufunika mbewu ndi mankhwala, kumunda kukufunika feteleza, chigafa nacho chikufuna mitengo ndi udzu watsopano. Pofika mu Disembala, fodya ali wongowokera kumene, thumba limakhala litapepuka ndipo nkhokwe imakhala itayamba kuonetsa pansi. Tsono ndi m'mwezi womwewu momwe mumagwa Khirisimasi, tsiku limene mwana aliyense amayembekeza kulandira kanthu. Kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ku Chamama mpaka ku Chulu, makolo ambiri amagona ndi funso limodzi: kodi mwana timpatsa chiyani pamene m'manja muli mbee?

Funsoli lidali lolemera koposa kwa anthu amene ankagwira utenanti. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adachuluka kwambiri m'boma la Kasungu, ndipo kufikira chaka cha 1990 malamulo sankalola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale m'minda yawo. Motero mabanja ambiri ochokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene malo olima ndi ochepa, ankakwera malole kudzalima fodya m'minda ya eni. Mwini esiteti ankapereka munda, mbewu, feteleza ndi chimanga cha pamwezi, koma zonsezi ankazilemba m'buku ngati ngongole. Fodya akauma, tenanti ankamgulitsa kwa mwini esiteti yemweyo pamtengo umene iye sadali ndi mphamvu youtsutsa, ndipo ngongole yonse inkadulidwa pomwepo. Chotsalacho ndicho chidali malipiro a banja lonse kwa chaka chathunthu. Ena ankapeza kuti chotsala palibe.

Pa esiteti ina kumpoto kwa mtsinje wa Bua padali banja lotere la ana anayi. Chaka cha 1994 chidawavuta monga momwe chidavutira anthu ambiri. Mvula idagwa mwanjomba, ndipo kuyambira mu Febuluwale, pamene boma lidaleka kuika lokha mtengo wa kwacha, ndalamayi idagwa mphamvu kotero kuti sopo, mchere ndi nsalu zidakwera mitengo mwezi ndi mwezi. Chaka chomwecho sukulu za pulayimale zidakhala zaulere, ndipo ana atatu a m'banjamo adayamba kupita kusukulu. Kumeneko adaphunzira kuwerenga, komanso adaphunzira kuyerekeza. Mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri adabwera kunyumba tsiku lina n'kusimba za chidole cha mwana wa kalaliki wa pa esiteti, chogulidwa m'sitolo ya PTC paboma, chatsitsi lofiirira ndi maso amene ankatsinzina munthu akachigoneka. Mwanayo sadapemphe kanthu. Adangosimba, ndipo kusimbako kudalasa mtima wa bambo wake kuposa pempho.

Usiku womwewo, ana atagona, bamboyo adayamba nkhani.

"Amayi, mawa ndikufuna ndikaonane ndi abwana. Andilembereko pang'ono m'buku muja kuti ana awa nawonso aoneke ngati ana a anthu."

"Abambo, bukulo mwaliona m'mene lakhutira kale?" adafunsa mayiyo. "Ngongole ya Khirisimasi imadyedwa tsiku limodzi, koma kubweza kwake n'chaka chathunthu."

"Fodya wa chaka chino wagwira bwino. Tidzabweza."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, abambo, wapachala ngwamphepo. Uyo ali m'mundayo sadaone matalala, sadaone sikelo. Ndipatseni masabata atatu okha. Zikakanika mudzapite kwa abwanawo."

Bamboyo sadayankhe, koma m'mawa mwake sadapite ku ofesi.

Chuma cha mayiyu chidali m'zinthu zimene ena ankaziponda. Pamalo olima fodya sipasowa ziguduli zong'ambika zomangira mabelo, zidutswa za ulusi wosokera fodya, matumba a feteleza ndi mawaya a mipanda yakale. Tsiku la msika adapita kwa telala wina wosoka pakhonde la sitolo nakapempha tizigamba totsala pansi pa makina, ndipo posinthana adamsiyira kambale ka mtedza. Chidole adachipanga ndi chitsononkho chachikulu cha chimanga. Adachikulunga ndi nsanza kuti chinenepe, nasokerera nsalu yakuda pamwamba. Tsitsi lake adalipeza pomasula ulusi wa chiguduli, naudetsa ndi mwaye, kenaka nauluka timizere monga momwe ankalukira mwana wakeyo. Mikanda iwiri yoyera idakhala maso. Adachisokera diresi ndi mpango wakumutu, ndipo adang'amba mpendero wa chitenje chake chakale kuti ukhale mbereko. Ntchito yonseyi ankaichita usiku pa kuwala kwa koloboyi, msana uli wowawa ndi kupalira.

Bambo uja, ataona chidole chikuoneka mutu ndi miyendo, manyazi adamgwira ndipo adakumbukira luso la ubwana wake. Adawongola mawaya pamwala, nawapinda ndi mano a pulayala yobwereka kwa wokonza njinga. Sadapange galimoto wamba ayi, koma lole yeniyeni yonga zimene zinkanyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, yokhala ndi mutu wake ndi ngolo yake. Molumikiza mawaya adamanga ndi malegeni odula ku chubu chakutha cha njinga. Mawilo adali zitini za polishi, ndipo chiwongolero chidali waya wautali wofika m'chiuno mwa mwana, wolumikizidwa mwanzeru kotero kuti ukapotozedwa mawilo akutsogolo ankakhota. Mayi adasoka timabelo tinayi ta chiguduli nathiramo gaga kuti loleyo isayende yopanda katundu.

Mwana wamwamuna wamkulu adamuuza chinsinsi kuti athandize. Iyeyu adakatapa dothi kudambo naumba ng'ombe ziwiri za mng'ono wake wotsiriza, nazibaya minga ya mthethe kuti ikhale nyanga. Adaziumika pamthunzi masiku anayi, popeza dothi louma ndi dzuwa limang'aluka, kenaka adaziotcha pamoto wa makungwa mpaka zidafiira. Mphatso yake ya iye mwini adaipanga ndi bambo wake: mpira wachikulunga wa majumbo ndi nsanza, wowambidwa pang'ono pamoto kuti ugwirane, womangidwa ndi ulusi wa thumba la feteleza moluka ngati ukonde. Chinthu chimodzi chokha mayi adaletsa kwamtuwagalu, ndicho zitini ndi mabotolo a mankhwala a kunazale. Adaona kale mwana wa mnansi akudwala atamwera madzi m'botolo lotere, ndipo adanenetsa kuti ngakhale litatsukidwa kakhumi lisayandikire m'manja mwa mwana.

Nkhani sibisika pamudzi wa matenanti. Amayi ena atamva, adabwera kudzaona, ndipo posakhalitsa adagwirizana kuti mutu umodzi susenza denga. Wina adalonjeza chimera cha thobwa, wina nthochi zakupsa, wina ufa wa mgaiwa. Malo ochitira phwando adapezeka mosavuta. M'mwezi wa Disembala chigafa chimakhala chopanda kanthu chifukwa kuthyola fodya kumayamba chaka chikatembenuka, ndipo denga lake limateteza ku mvula. Ana adasesa pansi nayala mphasa. Adadula mapepala a makope akale, nawamata ndi phala la ufa wa chinangwa kukhala maunyolo aataliatali amene adawapachika pa mitengo yoyanikapo fodya.

Pa 25 Disembala, anthu atabwerako kutchalitchi, ana oposa makumi awiri adasonkhana m'chigafamo. Padalibe mpunga, padalibe Fanta. Padali chigumu chophikidwa mumphika wa makala pansi ndi pamwamba, thobwa m'ndowa, mtedza wokazinga ndi mango amene m'nyengoyi amagwa okha. Mwana aliyense adaitanidwa ndi dzina lake, nagwada, nalandira mphatso yake ndi manja awiri. Lole ija idazungulira chigafa kosaleka, anyamata akulimbirana chiwongolero. Mpira udasewereka pabwalo mpaka matope adafika m'mawondo, atsikana nawo akusewera phada ndi fulaye.

Kunena kuti chidole cha chitsononkho chidafafaniza chidole cha m'sitolo mumtima mwa mwana kungakhale kunama. Mtsikana uja adachilandira, nachiyang'anitsitsa, nachigoneka chagada pamphasa.

"Amayi, bwanji maso ake sakutsinzina?"

Mayiyo adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Ameneyu ndi mwana wa tenanti, mwanangu. Sagona msanga."

Amayi onse adaseka, ena akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, pakuti adamva zonse ziwiri zimene zidali m'mawuwo. Mtsikanayo adabereka chidole chake kumbuyo, ndipo adachisunga zaka zingapo, akuchisokera yekha madiresi atsopano. Ndi pa chidole chimenechi pamene adaphunzirira kugwira singano.

Phindu lenileni la nzeru za mayi uja lidaoneka patapita miyezi isanu ndi itatu, pa tsiku lowerengera. M'buku la abwana mudali chimanga, feteleza, makasu ndi mankhwala, koma mudalibe mzere wa Khirisimasi. Chotsala chidali chochepa, komabe chidakwanira mbuzi yaikazi imodzi ndi mabulangete awiri. Mnansi wawo amene adatenga ngongole ya zovala ndi mpunga adapezeka kuti ngongole yaposa fodya wake, ndipo adakakamizika kukhalanso chaka china pamalo amene adafuna kuchokapo.

Pali mphatso inanso imene ana adalandira tsiku lija, ngakhale padalibe amene adaitchula. Mwana wa tenanti sankakhala ndi nthawi yosewera. M'nyengo yothyola, yosoka ndi yosankha fodya, manja ake ankawerengedwa pamodzi ndi a makolo ake. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan lidatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'maboma angapo, kuphatikizapo Kasungu, ndipo lidafotokoza kuti chikonga cha m'masamba aawisi chimalowa m'thupi kudzera pakhungu n'kumadwalitsa ana mutu, chizungulire ndi nseru. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito nithetsa utenanti, ngakhale kuti lamulo kulembedwa ndi lamulo kutsatidwa ndi zinthu ziwiri. Choncho tsiku limene chigafa chidasanduka bwalo la masewero, ana adalandira chinthu chosowa kuposa chidole, ndicho ufulu wokhala ana kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anthu ena amayesa zoseweretsa zopanga pamanja ngati chizindikiro cha umphawi chabe. Umphawi ulipodi, ndipo sitiyenera kuukometsa ndi mawu okoma. Koma mwana amene wapinda waya mpaka gudumu lazungulira waphunzira kanthu kamene mwana wongolandira galimoto yapulasitiki sadakaphunzire. Wayeza, walakwitsa, wamasula, wayambiranso. Anthu akunja adachiona chimenechi kale. M'chaka cha 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, amene adakhalako ku Malawi, adasindikiza buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna mawaya m'mudzi mwake, ndipo bukuli lawerengedwa m'sukulu za maiko ambiri.

Umboni woposa uwu uli m'boma la Kasungu momwemo. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe, adabadwa m'chaka cha 1987 m'banja lolima chimanga ndi fodya. Ali mwana ankapanga timalole ndi zikatoni za Chibuku pamodzi ndi anzake. Njala ya 2001 ndi 2002 itasesa chuma cha makolo ake, adaleka sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Adayamba kuwerenga mabuku a sayansi m'kalaibulale ka kwawo, ndipo potola zitsulo zotayidwa pa esiteti ina ya fodya, monga chokupizira mphepo cha thalakitala, adaziphatikiza ndi njinga yakutha ya bambo wake, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, napanga makina oyendera mphepo amene adayatsa magetsi m'nyumba mwawo. M'chaka cha 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 mbiri yake idatuluka m'buku, mu 2014 adamaliza maphunziro pa koleji ya Dartmouth ku America, ndipo mu 2019 nkhani yake idaonetsedwa m'kanema. M'mera mpoyamba: manja amene adamanga makina aja adayambira pa zoseweretsa za zinyalala.

Masiku ano misika ya ku Kasungu, ku Chinkhoma ndi ku Mtunthama imadzaza ndi zidole zapulasitiki zochokera kunja Khirisimasi ikamayandikira. Zambiri sizifika pa Chaka Chatsopano zisadathyoke, ndipo zikathyoka palibe amene angazikonze. Lole yamawaya ikaguluka gudumu, mwini wake amadziwa pogwira chifukwa adaona m'mene idapangidwira. Kalendala ya fodya nayo sidasinthe: Disembala akadali mwezi wa thumba lopepuka, ndipo obwereketsa ndalama za katapila amaudziwa bwino mwezi umenewu. Wophunzira wa sekondale amene akupita kwawo kutchuthi alibe ndalama zogulira azing'ono ake mphatso, koma ali ndi masabata angapo, ali ndi maso odziwa kuyeza, ndiponso ali ndi agogo kapena amalume amene akadakumbukira kuluka mlaza, kuumba dothi ndi kupinda waya. Akakhala nawo pansi madzulo awiri kapena atatu, mng'ono wake adzalandira mphatso, luso la akuluwo lidzapeza wolisunga, ndipo makolo adzalowa m'chaka chatsopano opanda dzina lawo m'buku la munthu wina.